Majezi otembenuzidwa pachingwe chanu

Amayi, kukucha bwanji kumene muliko?

Kuno ku Chinyonga tikudzuka ndithu. Ndiyambe ndi zabwino, kuopa munganene kuti Zuze amakukumbukirani pokhapokha zikamuthina. Mpongozi wanu Esinati anachira mu Meyi, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Tereza, dzina lanu. Zala zake n'zazitali ngati zanga, koma mkwiyo ndi wanu: akamva njala salira, amangokuyang'anitsitsa mpaka uchite manyazi. Kamunda kanu ka kuseri kwa bafa katipatsa chimanga chootcha sabata ziwiri, chotsalacho anatithandiza kukolola anthu odutsa. Ine ndili bwino, kupatula kuti pachifuwa pamandigwira ndikamakwera chitunda chochokera kumsewu. Esinati wakhala akunena kuti ndipite kuchipatala, ine n'kumati sizoni ya masewero ithe kaye.

Ndikadali kochi wa timu ya basiketibolo ya anyamata pakoleji paja. Anayi mwa amene munkawadziwa anamaliza maphunziro, ndiye tatenga atsopano. Mmodzi ndi wamtali moti polowa m'minibasi amachita kudzipinda ngati mkeka. Majezi amene munkachapa kuyambira ine ndikusewera, tsopano timachapa ine ndi Esinati Lolemba lililonse. Timayanika pachingwe chanu chomwe chija, motsatana kuyambira 4 mpaka 15, manambala akuyang'ana kumsewu. Paja munkati, "Anthu aone kuti nyumba ino ili ndi ana aamuna khumi ndi awiri." Yanga yakale yobiriwira ija, nambala 9, mukuidziwa kumene ili. Ndinakutsamiritsani m'bokosi m'mawa uja anthu asanayambe kuona nkhope, ndipo sindinauze munthu.

Tsopano imvani chimene ndalembera.

Sizoni itangoyamba, ndinapita kukaanula masana ena n'kupeza nambala 11 itatembenuzidwa, msoko uli kunja. Inali ya Madalitso, mnyamata amene ankatigoletsera kwambiri. Ndinakalipira Esinati, iye n'kulumbira kuti anaiyanika bwinobwino. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti ili ndi mapegi atatu, awiri m'mapewa, limodzi pakhosi. Ife timapana ndi awiri. Atatu munkapana ndinu, ndipo munkatero pa jezi yotembenuza yokha. Ndinaibweza n'kuisita. Patatha sabata ziwiri Madalitso anachotsedwa pakoleji atalephera mayeso. Anabwerera kwawo ku Mulanje osatsanzika, ndipo m'pamene ndinamva kuti anali atasiya kalekale kulowa m'kalasi.

Kenako inatembenuka nambala 6, ya Yusufu. Apa ndinachita mantha enieni, Amayi. Ndinaganiza kuti mukundionetsa amene tsoka lamulondola, ndiye ndinamukhazika pabenchi masewero atatu otsatizana kuti asakathyoke mwendo. Onse atatu tinagonja. Sindinamuuze chifukwa chake, nanga ndikanayamba bwanji? Iye anaona ngati ndamuda. Anabweza jezi itapindidwa bwino m'jumbo, ndipo sanabwerenso kubwalo. Kenako ndinkamuona ku depoti ya Limbe nthawi ya makalasi, maso ali psu, ndipo akandiona ankalowa kuseri kwa maminibasi.

Amene ananditsegula maso ndi Lameki, uja ndinkasewera naye, wokonda kudya mbatata zanu. Pano amagulitsa nsalu m'sitolo ya amwenye ku Limbe. Nditamufotokozera anayamba n'kuseka, kenako kuseka kunamuthera. Anaika sizasi pansi n'kunena kuti, "Iwe Zuze, mwana wa m'nyumba weniweni sukudziwa? Jezi yotembenuza chinali chisamani. Mwini wake amayenera kukaitenga yekha kwa amayi ako."

Akuti inu munkawerenga anyamata pochapa. Munkamva fungo la kachasu m'thukuta, munkaona timadontho ta magazi pakhosi, munkadziwa jezi yotakasuka chifukwa mwini wake waonda. Mnyamata akabwera munkamukhazika pakhonde, n'kumupatsa tiyi, inu n'kumangosita osafunsa kanthu mpaka ayambe yekha kulankhula. Lameki munamuitana kawiri, ndipo akuti akanapanda kubwera kachiwiriko bwenzi pano ali kundende. Ine zaka zonsezo ndinkayesa kuti mumatembenuza zofunika kusoka, ndipo anyamatawo amangotsata tiyi. Nanga si nthawi zonse akafika munkandituma ku Limbe kukagula ulusi? Ulusi umene uja ukadali wodzaza chitini. Safunsa anadya phula, ndipo phula langa andidyera ndi ana a eni awiri. Zimandipweteka kwambiri. Inu mumati itana, ine n'kumapirikitsa.

Choncho itatembenuka nambala 14 ya Kondwani, kaputeni wathu, ndinamuuza kuti jezi yake akaitenge yekha kunyumba. Ndinamukhazika pampando wanu, Esinati anabweretsa tiyi n'kuchoka. Ndinasita majezi onse, ndinayambiranso, pakamwa pakundiyabwa kuti ndifunse. Ndinakumbukira mawu anu aja akuti, "Chovala sichinama, amanama ndi mwini wake, ndiye m'patse nthawi atope." Anatopadi. Anati wapereka mimba kwa mtsikana wa ku Nkolokosa, ndipo anakonza zoti akangosewera Loweruka akwere basi ya ku Joni. Analira ngati kamwana, munthu wamtali chotere. Tinaitana amalume ake, tinapita limodzi kwa makolo a mtsikanayo, tinakalipidwa mokwanira, koma Kondwani sanathawe. Kuchokera pamenepo tapambana masewero anayi, ndipo Loweruka likubwerali tikapambananso tilowa m'fainolo. Yusufu ndinamulondola, ndinamupepesa. Sanavomere kubwerera, koma sanakanenso. Nambala 6 ndimaichapabe ngakhale palibe akuivala.

Ndinayamba kuzolowera, Amayi. Ndinkati tikugwira ntchito limodzi, inu mukuona, ine ndikuitana. Mantha anatha, mwinanso ndinayamba kudzitama.

Lolemba lapitali Esinati anapita ndi mwana kusikelo. Cha m'ma folo koloko, dzuwa likadali ng'aa, ndinatuluka ndi beseni kukaanula. Ndinawerenga monga ndimachitira, ndipo ndinapeza khumi ndi atatu. Ndinawerenganso. Pafupi ndi nambala 9 ya chaka chino panali ina, yobiriwira yofwifwa, yotembenuza, mapegi atatu. Enawo anali atauma gwa, koma iyoyo inali ikudontha. Inkanunkhira sopo wanu wamtanda uja, amene ife tinasiya kugula. M'khwapa munali msoko wa ulusi wakuda, umene munasoka tsiku lija wobiriwira utatha, ine n'kudandaula kuti anzanga andiseka. Sindinaikhudze. Ndinakhala pansi pompo, chifukwa pachifuwa panandigwira kuposa masiku onse. Esinati atafika anaiona, anangochita chizindikiro cha mtanda. Koma Tereza ali kumbuyoko anayang'ana kumapeto kwa chingwe, pamene munkaima pofinya, n'kuyamba kuseka ndi kutambasula manja.

Ndamva, Amayi. Lachiwiri m'mawa ndinapita kuchipatala. Anandimvetsera nthawi yaitali, anaitana mnzawo kuti amvetserenso, ananditenga magazi, akuti ndi mtima ndipo ndibwerenso Lachisanu. Andiletsa kuthamanga ndi kukuwa. Mundiuze inu ngati munaonapo kochi wosakuwa.

Jeziyo ikadali pachingwe, lero ndi tsiku lachitatu ndipo sinaume. Chimene chikundisowetsa mtendere ndi lamulo lanu lija, loti mwini wake amakaitenga yekha kwanu. Kwanu n'kuti tsopano? Ngati ndi pakhonde pano, ndiye ndabwera, ndakhala pampando wanu, ndipo kalata ino ndiko kulankhula kwanga. Ndakhala ndikumva kupweteka kuyambira mwezi wa maliro anu. Kawiri ndinagwa m'chipinda chosinthira zovala anyamata atapita. Ndinabisa chifukwa ndinkaopa kuti andilanda timu, ndipo timu imeneyi ndiyo yokha yanditsalira yomwe tinkagwirira limodzi. Ndatopa kunama, monga munanenera.

Koma ngati mukutanthauza kumene muliko, ndikupempha ngati mwana wanu, mudikire. Tereza sanamere ndi dzino lomwe. Yusufu sanabwerere. Kondwani adzafunika munthu womuperekeza tsiku la kuchira kwa mtsikana uja. Simunaitanepo mnyamata kuti asabwerere kwawo. Onse munkawamwetsa tiyi, n'kuwapatsa jezi, n'kuwauza kuti azipita kusanade.

Lachisanu ndipita kukamva zotsatira, ndipo chimene anene nditsatira, ngakhale atati Loweruka ndionere masewero nditakhala pabenchi ngati Yusufu. Lamulungu tikatuluka Misa ndidzaanula jeziyo ndekha, ndidzaisita, ndipo ndidzabwera nayo kumanda, kumene sindinapondeko chikuikireni. Ndidzakhala nanu mpaka mutakhutira. Mukatero mundiuze, monga munkauzira anzanga, kuti ndizipita kusanade.

Ndimakukondani, ndipo ndidzafika.

Ndine mwana wanu,
Zuze