Mkamwini wanga wabisa chithunzi cha ubongo pansi pa mpunga

Aphungu,

Sukulu sindinapite nayo patali, koma chitsiru ndimachidziwa chikangovula nsapato pakhomo. Changa ndi mkamwini wanga Tofazzal.

Mwana wanga Monowara ali ndi khansa ya bere. Titapita naye ku Dhaka, madokotala anapempha kuti amujambulenso m'mutu, ati akufufuza chifukwa chake odwala khansa ena amagwa m'matenda a maganizo pomwe anzawo ayi. Ine ndinakalipa kuti tabwera ndi bere, nanga mutu walakwanji? Monowara mwini wake anavomera. Atatuluka m'chimakina chaphokoso chija, dokotala anati chithunzi chikuonetsa kuti angathe kugwa msanga, ndiye tikaona mtima wayamba kufooka tipite naye kwa dokotala wa maganizo.

Wagwadi, Aphungu. Mkazi amene ankakangana ndi ogulitsa nsomba mpaka msika wonse kuseka, lero amangoyang'ana khoma. Mpunga wake amaponyera akhwangwala. Tsabola wake padenga wauma iye akuona.

Tofazzal wakana zopita naye. Mwana wawo Shiuli, mdzukulu wanga, akufunsiridwa ndi banja la ku Bogura, ndipo akazi a kuchimuna akubwera kudzamuona, kumuyendetsa pabwalo ndi kumumasula tsitsi. Tofazzal akuti khansa anthu amamva nayo chisoni, koma akangomva za dokotala wa mutu adzati kuno kuli misala ya kumtundu. Chithunzi chija wachikankhira pansi pa matumba a mpunga. Nditamupanikiza anati, "Amayi, ukwati udutse kaye, kenako tipita." Ndinamuyankha kuti, "Chabwino bambo, ndiye mkwatibwi adzamutsanzika ndani, mtembo?" Anangoyatsa wailesi.

Tsiku la alendolo ndikufuna ndichisolole chithunzicho, ndichiike pambale ya maswiti aone onse. Ndilakwa?

H. B., Pabna

Mayi H. B.,

Mkwiyo wanu ndi woyenera, koma mbale ya maswiti isiyeni. Mukatero mwalanga Shiuli, ndipo mwavula Monowara pamaso pa alendo. Mutuwo ndi wake, si wanu kapena wa Tofazzal.

Chithunzicho si umboni wa misala, komanso si ulosi; ofufuzawo akali kuphunzira. Chimene chikundiopsa ine ndi mpunga wa akhwangwalawo. Matenda a maganizo amagwira odwala khansa ambiri ndipo amachiritsika, koma akalekereredwa munthu amayamba kuzemba ngakhale mankhwala a khansa yomweyo. Sangadikire ukwati.

Sabata ino mupite ndi Monowara kuchipatala kumene amalandirira mankhwala ake, mukafotokoze zonse mwaonazi, mukapemphe dokotala wa maganizo komweko. Ulendo umenewo palibe wa pamudzi angaudabwe. Chithunzi chisiyeni chigone ndi mpunga, madokotala adzamva kwa wodwalayo. Tofazzal mumuuze maso ndi maso kuti mukupita, osati kumupempha. Shiuli musamubisire, wodwalayo ndi mayi ake.

Chenjezo langa ndi ili: Monowara akangotchula zofuna kufa, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a tizilombo m'nyumba, munyamuke naye tsiku lomwelo.

Ndipo china. Ndamva mawu a dokotala, a Tofazzal ndi anu, koma a Monowara sindinawamve. Khalani naye pansi lero, mumufunse chimene chikumulemera, kenako pakamwa panu pakuthwapo mupatseke mpaka ayankhe.