Lumo la agogo lisamukhudze Tadala

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Joni tili bwino, khanda lathu Tadala layamba kuseka, koma ine ndapsa mtima.

Abambo ake a Tadala anakagula matikiti a basi ku Park Station osandiuza, ati tibwere kumudzi mwana akaonekere kwa agogo ake. Ndinawakumbutsa kuti watsala ndi jakisoni womaliza wa katemera wa matenda a chiwindi, ndipo anesi ananenetsa kuti tisanyamuke asanabayidwe. Abambo akewo basi kuseka. Ati, "Za ku Joni izo. Amayi akamutemera mphini, lumo lawo lija latemera adzukulu onse."

Achemwali, lumo limodzi adzukulu onse! Anesi anandiuza kuti matendawa amayenda m'magazi, ndipo mwana akawatenga ali khanda amakula nawo osaonetsa. Ine ndimachapira anthu mpaka manja kusupuka kuti mwanayu akule bwino, ndiye wina akamucheke ndi lumo la dzimbiri la m'kachitini? Ayi ndithu. Matikiti ndakasinthitsa ndekha, ndipo abambo akewo mpaka lero sakundiyankhula.

Chonde mupite kwa apongozi anga mukawafotokozere mwaulemu, poti ine pakamwa panga mukupadziwa. Tibwera akabayitsa. Adzamunyamule, adzamuvinire, koma lumo likadzangotuluka m'kachitini muja, ine ndi mwana wanga tidzabwerera ndi basi yomweyo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati