Khutu Langa Lamanzere

Lachiwiri, 5 Malichi

Mdala wa bedi la pawindo ali bwino. Ndiyambire pamenepo. Akuseka, akupempha nyuzipepala. Opaleshoni yangosunthidwa, apita mawa. Palibe wafa.

Koma tiyi ndinamupatsa ndine. Tiyi ndi buledi, ndi manja anga omwewa, mpaka kumutakasira shuga. Munthu woti akalowe ku fiyeta m'mimba mulibe kanthu. Kachikwangwani koletsa kudya kanali katagwera kuseri kwa bedi. Akuti pa lipoti la m'mawa zinanenedwanso. Sindikutsutsa. Anamwino ausiku amapereka lipoti akuyenda, bedi ndi bedi, masiki pakamwa, nkhope kutsogolo, ife pambuyo ngati nkhosa. Za kumanja ndimamva. Za kumanzere ndimangogwedeza mutu, ndipo ndakhala ndikugwedeza kwa nthawi yaitali.

Adokotala atapeza kapu anangondiyang'ana. Bola akanandikalipira.

Lachisanu ndikaonekere kwa a Metironi, mkulu wa anamwino.

Lachitatu, 6 Malichi

Mdala wabwerako ku fiyeta. Zayenda. Atatsitsimuka, mawu ake oyamba: "Anesi, katiyi kaja kabweranso liti?" Ndinaseka, kenaka ndinathawira kosungira mankhwala. Misozi.

Wailesi anandipeza komweko. Mnzanga wa zaka zambiri pa wodi ino, mtima wabwino, koma pakamwa ayi. Sayankhula, amakuwa. Dzinali ndinamupatsa ndine ndipo linakhazikika, ngakhale odwala amamuitana choncho. Lero anati akundinong'oneza, "Musadandaule asisi, zitha izi!" Mawu mpaka kukhonde. Ndinachita kumutsina.

Mantha anga ndi chipinda cha mashiti. Namwino wina msana utamuvuta anamutumiza kumeneko, kukapinda nsalu mpaka penshoni. Anatuluka atauma ngati chikuni. Ine opanda odwala sindine kanthu. Andidule malipiro kaya, koma asandichotse pa wodi.

Kunyumba bambo a ana akuti TV yathu amaonerera ndi aneba omwe, mmene ndimaikwezera. Amayesa nthabwala. Sindinaseke.

Lachinayi, 7 Malichi

Ndapita kwa dokotala wa makutu. Potsiriza. Mwana wanga wamkazi ndiye anandikoka, akuti namwino wotani woopa chipatala.

Si chotupa. Ndilembenso: si chotupa. Chaka chonse ndakhala ndikudziika m'manda ndekha, kusankha ndi nyimbo zomwe. Akuti mtsempha wangotopa, lamanzere lapita kwambiri, lamanja likadali ndi mphamvu. Pali kachipangizo kovala m'khutu. Mtengo wake ndinangoti kakasi.

Potuluka miyendo yopepuka. Ndinagula malalanje osawafuna.

Tsono mawa. Ndinene kapena ndingoti ndinaiwala? Woiwala amachenjezedwa n'kubwerera ku ntchito. Wogontha sindikudziwa amatani naye.

Lachisanu, 8 Malichi

Ndanena.

Ndisanatsegule pakamwa, a Metironi anadzuka pampando wawo, kuzungulira tebulo, kudzakhala kumanja kwanga. Masiki anavula. Ndinangoti mwina akufuna andione bwino akamandithira mawu.

Ndinayamba ndi za tiyi, kenaka zonse zinangokhuthuka. Kugwedeza mutu. Kuwerenga milomo, mpaka masiki anabwera n'kundilanda nayonso. Kuopa foni ya pa wodi. Pomaliza ndinati ngati ndi kumashiti, andiuze lero lomwe ndikalirire kunyumba.

Iwo: "Kumashiti kwatani? Mwamva kuti mapilo akudwala?"

Za tiyi zilembedwa, pamenepo sanandinyengerere, ndipo ndi zoona, munthu anagona ndi matenda ake tsiku lina chifukwa cha ine. Koma anati lipoti lomwe namwino angaliphonye chonchi, vuto silili m'khutu mwake mokha. Za kachipangizo akalankhula ndi akuluakulu, chipatala chithandizepo. Sanalonjeze zonse.

Ndikhala pa wodi. Ndikhala pa wodi!

Madzulo ndadya ngati ndachokera kundende. Bambo a ana anangondisunthira mbale yawo.

Lolemba, 11 Malichi

Lipoti latsopano. Tonse m'kachipinda ka anamwino, chitseko chotseka, mozungulira, masiki pansi, mmodzimmodzi. Tikatha m'pamene tikuzungulira mabedi. Akatchulidwa wodwala wosayenera kudya, wolandira lipoti abwereze mokweza.

A Metironi anandifunsa kaye ngati anene chifukwa. Ndinati ndinena ndekha. Ndinawauza za khutu langa. Palibe anadabwa kwenikweni. Zinandikhumudwitsako pang'ono, chinsinsi changa chachikulu chija.

Si onse akondwa. Wina wausiku, akumanga chikwama: "Ndiye tiziweruka mochedwa chifukwa cha khutu la munthu mmodzi?" Ananenera kumanja, ndinamva bwinobwino. Zinandilasa. Naye watopa, ana akumudikira, ndikudziwa. Zinandilasabe.

Lachinayi, 14 Malichi

Mlendo wandidabwitsa. Namwino mnzathu, mtsikana yemwe anabwera kuchokera dziko lina, wachete, timati ndi wonyada. Pa tiyi anadzakhala pafupi nane. Akuti lipoti loyenda lija naye ankangotolako theka, timayankhula mothamanga, chilankhulo chathu akuphunzira kumene. Ankaopa kufunsa, tingamuyese mbuli. Akuti tsiku lililonse ankabwerera yekha bedi ndi bedi kukaona mafayilo, nthawi yomwe ife tikumwa tiyi. Ife n'kumati safuna kukhala nafe.

Manyazi. Miyezi yonseyi tinali agonthi awiri pa wodi imodzi, aliyense kubisa kwake.

Lero wayankhula pa lipoti, wafunsa kawiri. Ali ndi nthabwala, kani. Wausiku uja sanang'ung'udze, ndipo anaweruka nthawi yake.

Msana ukuwawa. Nsapato yakumanja yayamba kuseka.

Lachisanu, 29 Malichi

Kachipangizo kafika. Chipatala chalipira gawo, lotsalalo ndizidulidwa pang'onopang'ono. Tidya masamba, palibe kanthu.

Dziko ndi laphokoso chonchi? Matayala a tirole. Firiji ya mankhwala imalira, sindinkadziwa. Nsapato zanga zomwe, kwichi kwichi, ndipo palibe anandiuzapo. Mayi wa bedi la pakona anandiitana chapansipansi ndili cham'mbali, ndinatembenuka. Ndinatembenuka ndekha, wopanda wondigwira phewa.

Kenaka Wailesi anatulukira: "Mwadzuka bwanji asisi!" Ngati wandimenya ndi poto m'mutu. Ndinati chonde, chepetsa voliyumu, anthu tsopano tikumva. Anaseka mpaka kukhala pansi. Sindinaone choseketsa.

Wandiitana kunyumba kwake Lamlungu. Zaka zonsezi sindinapondeko.

Lamlungu, 31 Malichi

Kwa Wailesi. Nyumba yaing'ono, yaudongo, maluwa m'zitini pakhonde. Phee. Ana akulemba za kusukulu patebulo.

Ndinalowa ndi nthabwala zanga, ndinafunsa amuna ake kuti amapirira bwanji kukhala ndi wailesi yosazima. Bambo aja sanamve kuti ndikunena ndani. Nditafotokoza anati, "Awa? Kuno timachita kuwafunsa kawiri. Akabwera ku ntchito mawu amakhala atatha, amangomwa madzi otentha ndi ndimu."

Ndinamuyang'ana Wailesi. Ankathira tiyi, maso pa kapu. Anayankhula motsitsa, mawu ofewa omwe sindinawamvepo, kapena ndinawaiwala.

"Munasiya kutembenuka ndikakuitanani, asisi. Kalekale. Ndinaona kuti simukufuna kunena, ndiye ndinangokweza."

Ndiye zonse zija. Kubwereza zomwe adokotala anena ngati wopusa. Kuthamangira foni isanalire kawiri. Kundikankhira kumanzere kwa gulu pa lipoti, ine n'kumati ndi mwano. Tsiku la tiyi lija iye anali pa ofu.

Ndinafunsa ngati a Metironi ankadziwa. Anati a Metironi ali ndi maso awo.

Wodi yonse imamuseka ndi dzina limenelo. Odwala, madokotala, ndi ophunzira omwe. Sanadandaulepo ngakhale tsiku limodzi.

Pondiperekeza anayenda kumanja kwanga, mwachizolowezi. Ndinamuuza kuti tsopano mbali iliyonse ndi yabwino. Anati akudziwa. Sanasunthe.

Mawa pa lipoti, mmodzimmodzi, nkhope kuonana. Ikafika nthawi yanga ndimuitana dzina lake lenileni, onse amve. Ndakhala ndikuliyeserera pano pakhitchini, motsitsa, ndipo ndikulimva.