Akuti Lennah abwereze kalasi chifukwa choyang'ana pansi

Aphungu,

Ndine namwino kuno ku Dubai, ndipo ndili ndi mwana mmodzi, Lennah, wa zaka zisanu ndi ziwiri. Wakulira kwa achemwali anga ku Ntcheu. Tinamutenga korona itatsala pang'ono kuyamba, n'kudzimana kuti alowe sukulu ina yapulaiveti komwe m'mawa amaphunzira m'Chingerezi, masana m'Chifalansa. Asanazolowere n'komwe, sukulu zinatsekedwa, maphunziro onse n'kukhala apakompyuta.

Mwana wangayu ndi waulemu, ndimachita kumunyadira. Madzi amandipatsa atagwada. Aphunzitsi akamamuyankhula pakompyutapo, iye amaweramitsa mutu monga anamuphunzitsira kwathu. Koma pasukuluyi malikisi ambiri ndi apakamwa: kufunsa mafunso, kutsutsana ndi anzako, kunena maganizo ako. Lachiwiri aphunzitsi ake anandiimbira. Anati, "Zolemba amakhoza, koma ine ndimangoona tsitsi lake. Sindikudziwa ngati amandimva. Zikapitirira, abwereza kalasi."

Nditamufunsa, Lennah anati, "Amayi, aphunzitsi ndiwayang'ane m'maso? Si mwano umenewo?" Bambo ake angoti, "Khalas, basi, muuze aiwale zakumudzi." Ine mtima ukukana. Sindikufuna abwereze, koma mwana wamwano ndiye ayi. Nditani?

T. M., Discovery Gardens, Dubai

Mayi a Lennah,

Mtima m'malo, mwana wanu alibe vuto. Achemwali anuwo analera, muwathokoze. Chavuta n'chakuti aphunzitsiwo za ku Ntcheu sazidziwa, ndipo ndikukayika ngati munawauza. Pafoni paja si munangoti "chabwino madamu" nanunso mutaweramitsa mutu? Ndikunama?

Aimbireni mawa lomwe. Auzeni kuti kwathu mwana akayang'ana pansi ndiye kuti akumvetsera mwaulemu. Apempheni kuti azimutchula dzina n'kumudikira, komanso amumveko payekha popanda gulu. Akadziwa chifukwa chake, nkhani yobwereza ikhoza kuthera pomwepo.

Lennah musamuuze kuti zomwe anaphunzira n'zachimidzi, mungamuswe mtima. Muuzeni kuti khomo lililonse lili ndi ulemu wake, ndipo ulemu wa kusukuluko ndi kuyang'ana munthu ndi kufunsa. Mwana amene akukwanitsa Chifalansa zimenezi sizingamukanike. Kompyutayo muikweze ndi mabuku kuti ilingane ndi maso ake. Pa chakudya chamadzulo bambo akewo asiye kaye foni, mwana aziwafunsa funso akuwayang'ana. Poyamba adzachita manyazi, musamuseke.

Koma ndikuchenjezeni, akazolowera sizidzathera kwa aphunzitsi okha. Tsiku lina mudzamutuma, iye adzakuyang'anani m'maso n'kufunsa kuti, "Chifukwa chiyani, Amayi?" Magazi adzathamanga, ndikudziwa. Mukadzamukalipira tsiku limenelo, adzaweramitsa mutu, ndipo sadzaudzutsanso, kwa inu ngakhale kwa aphunzitsi. Mudzameze mate, mudzamuyankhe.