Chingwe cha Mitu Iwiri

Lachitatu, pa 26 Febuluwale

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwina mukudabwa kuti mlongo wanu wayamba liti kulemba makalata ngati munthu wofunsira ntchito. Mafoni anayambanso kugwira Lamlungu, ndipo ndaona kuti mwaimba kasanu ndi kawiri. Sindinayankhe dala. Nkhani imene ndili nayo ikukana kutuluka pakamwa, ndiye ndati mwina pepala lindithandiza poti silifunsa mafunso.

Ndiyambe ndi zimene mukufuna kumva. Amayi ali moyo ndipo shuga wawo wakhazikika. Namzeze nayenso ali bwino, akungouluka m'matope monga mwa dzina lake. Koma alamu anu, bambo a Namzeze, ali m'chipatala. Anagwidwa ndi magetsi ali pamwamba pa pholo mumsewu wathu womwe uno, ndipo amene anatumiza moto umenewo ndine, mkazi wawo. Werengani mpaka kumapeto musanandiweruze.

Namondwe anafika Lolemba, masabata awiri apitawo, cha m'ma thu koloko masana. Awailesi anali atachenjeza kwa masiku atatu, koma mukuwadziwa Amayi. Anati awailesi amalosera mvula ngati mmene anyamata amalonjezera ukwati. Ine ndinali pamakina m'chipinda chakumaso, ndikupinda siketi ya yunifolomu, pamene kunja kunada moti sindinathenso kuona bowo la singano. Kenaka mphepo inabwera. Achimwene, chibadwire changa sindinamvepo phokoso lotero. Ndinaona pawindo malata a aneba akudutsa m'mwamba athunthu, mitengo yake ikadali yokhomedwa. Mtengo waukulu wa pakona uja unagwera pamawaya, moto wabuluu n'kuti ng'ani, babu n'kuzima.

Madzi analowera pansi pa chitseko cha kukhitchini. Tinakoka matiresi n'kukhala mukolido, poti ndi mokhamo mopanda windo. Denga linkadzuka n'kukhalanso, misomali ikulira umodziumodzi. Amayi ankapemphera atafungatira kabokosi ka mankhwala awo a jakisoni. Namzeze sanalire. Anangondigwira chala n'kufunsa kuti, "Amama, panopa adadi ali pamwamba kapena pansi?" Mwana wa munthu wokwera mapolo amafunsa zotero. Ndinamuuza kuti ali pansi, koma ndinalibe umboni.

Denga linapirira. Kutacha, msewu wathu sunkadziwikanso: mapolo ali gonegone, mawaya ali piringupiringu m'matope, pampopi pali gwa. Tinkatunga madzi amvula m'migolo n'kumawiritsa pambaula. Nyama imene inali mufiliji tinaiphika yonse tsiku limodzi n'kugawira aneba, moti Amayi anati aka n'koyamba kudya phwando la tsoka. Tinkaseka, koma kamphepo kakangogwedeza malata, tonse tinkapezeka tafika kale mukolido.

Alamu anu anachoka m'mawa wa Lolemba lomwelo, ndipo anatulukira tsiku lachitatu kudzangosintha zovala. Maso anali psu, ndevu zili nyankhalala. Anati mapolo agwa mazanamazana, ndipo magetsi tisawayembekezere msanga. Ataona jenereta ija munatisiyira, anati, "Muziiyatsa, koma pulagi ya filiji muzilumikiza mwachindunji. Chingwe chija musachikhudze, amake Namzeze. Mwandimva?" Ndinati ndamva.

Mukuchikumbukira chingwecho, poti munachipanga ndinu mutabwera kutchuthi: pulagi uku, pulagi uku, mutu umodzi kujenereta, wina pasoketi ya pakhonde, nyumba yonse n'kuwala. Mukukumbukiranso mmene munakanganirana ndi alamu anu, iwo akuchitcha chingwe chopha, inu mukuti bola munthu atsitse kaye switchi yaikulu. Anatifotokozera kuti switchiyo ikakhala m'mwamba, moto wa jenereta umatuluka m'nyumba n'kukwera mpaka kupholo, kumene anthu akugwira mawaya poganiza kuti ndi akufa. Anachiponya pamwamba pa wadirobu.

Ndinachitsitsa tsiku lomwe anandichenjezalo, iwo atangobwerera kuntchito. Chingwe chathu chowonjezera chinali chitamira m'madzi, ndipo jenereta sikanalowa m'khitchini chifukwa cha utsi. Mankhwala a Amayi amafuna pozizira, ndipo filiji inali itayamba kufunda. Ichi ndiye chifukwa chimene ndingauze anthu. Koma kwa inu ndinene zonse: ndinkafunanso babu. Mdima wa masiku amenewo unkandiopsa ngati mwana, ndipo ndinkafuna kuona nkhope za anthu anga. Ndinkatsatira lamulo lanu bwinobwino, mpaka kumaliimba ngati nyimbo: switchi pansi, kenaka jenereta.

Vuto linali lakuti switchi ikakhala pansi, sungadziwe ngati magetsi abwera. Ndiye ndinayamba kachizolowezi kanga. M'mawa uliwonse, jenereta ili chozima, ndinkakweza switchi, kusuzumira babu ya pakhonde, n'kuitsitsanso. Ndinachita zimenezi masiku anayi popanda cholakwika.

Tsiku lachisanu ndi chitatu chifikireni namondwe ndinaikweza monga mwa masiku onse. Babu inali zii. Dzanja likadali pomwepo, ndinamva Namzeze akukuwa, "Amama, agogo agwa!" Ndinawapeza Amayi pansi pafupi ndi bedi, thukuta lili kamukamu, maso atatembenuka. Anali atabaya jakisoni osadya, buledi wawo atapatsa mdzukulu mobisa. Ndinawatsamiritsa pachifuwa panga n'kumawadonthezera madzi a shuga ndi supuni, ndikuwaitana ngati ali kutsidya kwa mtsinje. Panapita mwina theka la ola asanandizindikire. Mawu awo oyamba anali akuti, "Iwe, ukundithira madzi m'khosi." Ndinaseka ndikulira. Pobwezera mankhwala mufiliji ndinapeza muli mofunda, ndiye ndinathamangira pakhonde n'kukoka chingwe cholizira jenereta. Za switchi zinali zitachokeratu m'mutu.

Sinalire ngakhale mphindi imodzi. Ndinamva anthu akukuwa kumsewu, ndipo nditasuzumira pampanda ndinaona galimoto ya amagetsi pakona. Papholo latsopano munthu anali lende palamba wake, mutu uli chagada. Anzake pansi ankafuula, "Pali moto! Ndani wayatsa jenereta?" Nkhope sindinaione, koma jombo ndinazidziwa, poti ndine ndinasoka chigamba cha kumanzere.

Apa ndi pamene cholembera chikundilemera. Sindinathamangire kwa iwo. Ndinabwerera, ndinazimitsa jenereta, ndinatsitsa switchi. Mpaka pamenepo mungati ndinachita bwino. Koma kenaka ndinazula chingwecho, kuchipinda bwinobwino, n'kukachikwirira pansi pa thumba la zidutswa za nsalu. Ndinabisa chingwe ndisanakaone ngati mwamuna wanga akupuma. Mpaka lero sindikumudziwa mkazi amene anachita zimenezo, koma manja anali anga.

Anzawo anawatsitsa ndi zingwe n'kuyamba kuwapopa pachifuwa pamsewu pomwepo, mpaka anatsokomola. Masana ake kapitawo wawo anayenda khomo ndi khomo. Mumsewu muno majenereta alipo atatu: yathu, ya kusitolo ndi ya ometa. Onse anakana. Atafika kwa ine anavula chipewa n'kuyamba ndi kupepesa, ndipo anafunsa mochita manyazi. Ndinati yathu inatha petulo Loweruka. Anati, "Ayi mayi, inu ndiye sitingakuganizireni n'komwe." Mawu amenewo akundiwotcha kuposa mbama.

Kuchipatala anawadula zala ziwiri za dzanja lamanja, ndipo dzanja lonselo ndi lomangidwa mpaka m'chigongono. Adokotala akuti mtima uli bwino, koma za mapolo aiwale. Tsiku lina ndikucheza ndi anamwino ndinatchula za mankhwala a Amayi, iwo n'kuti, "Aa, amenewo mukanangowaika m'kabotolo kotseka, n'kukamiza mundowa ya madzi ozizira. Akanakhala ndithu masabata." Ndinangoti zikomo, n'kutuluka kukakhala pamasitepe. Ndowa ndili nazo zinayi, Achimwene.

Sabata yonse ndakhala ndikuwadyetsa ndi supuni, kuwasambitsa, kuwameta, koma osawayang'ana m'maso. Munthu aliyense wovala yunifolomu akalowa muwodi, ndimayesa kuti wabwera kudzanditenga. Magetsi anabwera Loweruka lapitali, msewu wonse n'kuimba nthungululu, koma ine babu itayaka ndinachita kudzidzimuka ngati andigwira ndikuba.

Dzulo kunabwera mabwana awo awiri ndi mapepala. Ine ndinali kuseri kwa katani ndikutsuka kapu. Anawafunsa ngati anayeza waya asanaugwire. Achimwene, munthu uyu wakwera mapolo zaka khumi ndi zinayi, ndipo amayeza ngakhale waya woyanikapo zovala. Koma ndinamva akuti, "Sindinayeze, bwana. Ndinatopa, ndinapupuluma. Kulakwa ndi kwanga, musavutitse anthu a mumsewu muja." Mabwanawo anawafunsa ngati akudziwa tanthauzo la mawu amenewo, kuti munthu wophwanya lamulo lachitetezo amachotsedwa ntchito. Iwo anati akudziwa. Anadinda ndi chala cha kumanzere.

Mabwanawo atatuluka, alamu anu anandiitana. "Amake Namzeze, khalani apa. Chingwe chija mwachiika kuti?"

Kapu inandipulumuka.

Anati, "Ndinayeza. Unali wakufa. Ndinavula golovesi kuti ndimasule nati, moto n'kubwera. Papholo paja pali mawaya asanu, ndipo ine ndekha ndi amene ndikudziwa umene ndinagwira. Unali wolowa m'nyumba mwathu. Akapitawo ankati tiyambire kusitolo, koma ndinawachonderera kuti tiyambe ndi wathu chifukwa cha mankhwala a Amayi."

Ndinagwada pansi pasimenti n'kuwauza zonse, za thumba la nsalu zomwe. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi ndikupezako bwino. Anangoti nkhani ngati iyi imafika kupolisi, ndipo munthu akhoza kutsekeredwa. "Mukatsekeredwa, Amayi aziwayang'anira ndani? Mwanayu ndizimuluka tsitsi ndi zala zitatu? Mukachitenthe chingwecho, nkhani ithere pompa."

Sindinachitenthe. Chili pano patebulo pamene ndikulembera. Ndikuopa, Achimwene, ndikuopa kwambiri. Ndikuopa chitolokosi, ndikuopa pakamwa pa aneba, ndikuopa tsiku limene Amayi adzadziwe kuti zonsezi zinayambira pamankhwala awo. Koma ndikuopanso kukhala zaka zonse ndi mwamuna amene ndinamulanda zala, kenaka n'kumulandanso dzina lake labwino, anzake azimuloza kuti ndi uja sanayeze waya. Mabwana akumana Lachisanu m'mawa kuti agamule. Ndipita, ndipo chingwe ndichitenga. Akandifunsa amene anachipanga, ndikati ndinachipeza m'nyumba. Musadziimbe mlandu, inu munandiphunzitsa bwino, woiwala ndine.

Chimene ndikupempha n'chimodzi. Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi amene mumawatuma katundu aja, ndiye ikupezani mawa madzulo. Mutu ukakula sulewa nkhonya: pemphani tchuthi mubwere. Ngati sindibwerako Lachisanu, Amayi amabaya kawiri, m'mawa ndi madzulo, ndipo muziimirira pomwepo mpaka ameze chakudya, chifukwa amanama kuti adya. Yunifolomu ya Namzeze ili yositasita pampando. Alamu anu amafuna wowathandiza kumanga mabatani, koma sapempha, muzingowamanga mukucheza nkhani zina.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Amayi akuti moni, akuti mubwere ndi magalasi awo aja. Sakudziwa kanthu, ndipo akumayamika Mulungu kuti anawapatsa mwana wamkazi wosamala. Alamu anu akuti moni, sakudziwa kuti ndikupita. Namzeze akuti moni kwa amalume. Dzino lake lakutsogolo lija lameranso, ndiye wandifunsa kuti nanga zala za adadi zimera liti. Ndamuuza kuti ndidzamuyankha Lachisanu ndikabwerako.

Ndine mlongo wanu wamantha,

Amake Namzeze