Mawu Asanu pa Bolodi

Kabwata, Lusaka
4 Julaye 1990

Okondedwa akulu anga a Peggy,

Muli bwanji ku Katete kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja unaleka kutupa? Kuno matupi ali bwino, koma mtima wanga suli m'malo. Kalatayi ndapatsira a Fabian a pa basi, chifukwa akuti za ku positi zikumatsegulidwa. Mukawerenga muiotche.

Lolemba la mlungu watha ba Abednego, mphunzitsi mnzanga, anaperekeza akazi awo kukachira kuchipatala. Anandipempha ndiwagwirire kalasi yawo ya Chingerezi. Ana ankalemba za ufulu wa 1964, ndipo aliyense ankangoti "big day, big day". Ine ndi kudzionetsera kwanga kuja, mumakudziwa, ndinati ndiwapatse mawu olemera, a zinthu zogwedeza dziko. Ndinalemba pa bolodi asanu: revolution, overthrow, downfall, turning point, new era. Deti pamwamba, bwinobwino.

Tisanamalize, chipolowe cha mtengo wa ufa chinabuka m'tauni. Ahedi anatibalalitsa, bolodi osafufuta, sukulu n'kutsekedwa.

Loweruka munadzimvera nokha pa wailesi, msilikali akuti boma lagwa, kenaka akuti ayi, silinagwe. Dzana titatsegulira, panafika amuna awiri a boma, a majekete. Anawatsina khutu ndani, kaya. Anaima pa bolodi paja n'kufunsa kuti anadziwiratu zimenezi masiku asanu zisanachitike ndani. Ahedi anangoti kalasiyo ndi ya ba Abednego.

Akulu, ba Abednego anawatenga ine ndikuona. Ndinali pakhomo, choko m'manja, n'kuwasiya apite nawo. Iwo anandiyang'ana kamodzi kokha.

Dzulo Imelda, mkazi wawo, anabwera kwanga ndi khanda kumsana. Akuti wazungulira mapolisi mpaka ku Woodlands, onse akuti dzinalo salidziwa. Anandithokoza kuti ndine ndekha amene sindinamutsekere chitseko. Ine, Yudasi, n'kumuthirira tiyi.

Ana makumi anayi anandiona ndikulemba, ndipo palibe waulula. Ndikalowa m'kalasi amangondiyang'ana. Galimoto ikaima panja, ndimati andibwerera. Ndikuopa, akulu, ndikuopa kwambiri.

Lolemba likudzali ndikufuna ndikanene ku polisi kuti dzanja lija la pa bolodi ndi langa. Kaya akawamasula, kaya akatisunga tonse, sindidziwa. Koma ana anga, Emmy ndi Ezekiel, alibe bambo, ndiwasiyira ndani? Chonde bwerani ndi basi ya Loweruka mudzawatenge. Zovala ndalonga kale, ndi mankhwala a chifuwa a Emmy. Amayi muwauze kuti ndapita ku kosi ya aphunzitsi.

Musachedwe. Ndimadzidziwa: anawa akakhala pano Lolemba, ndiwayang'ana nkhope ndipo sindipita, ba Abednego n'kuwolera komweko.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi a kumpingo. Mulungu akusungeni, ndipo mumupemphe andilimbitse mtima.

Ine mng'ono wanu,
Muriel