Dzina la Malemu a Zeferina pa Intaneti

Asosiyasau (Bungwe) ya Alimi a Kachewere "Mbewu za a Zeferina", Domwe
Tsiku: Loweruka, 8 Junyu 2024
Malo: Nyumba yosungira mbewu

Opezeka: a Rafael Sitima (wapampando), a Lucrécia Bonifácio (ogulitsa), a Armindo Chagwa (osunga makiyi, amuna a malemu a Zeferina), a Silvestro Kamwendo (mlongo wa malemu), a Rufina Jasse, ndi ine Celina Mateyu (mlembi).
Osapezeka: a Inosenti, ali ku maliro ku Lifidzi.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula ndi pemphero nthawi ya 9 koloko m'mawa. Zolembedwa za mwezi watha zinavomerezedwa popanda wozifunsa, monga mwa masiku onse.

2. Kulembetsa maina ena a pa intaneti

A Lucrécia anakumbutsa komiti kuti tsamba lomwe ogula amaitanitsirapo mbewu lili ndi dzina limodzi lokha, lothera ndi .co.mz. Dzina lomwelo lothera ndi .mw, la ku Malawi, lilibe mwini, ndipo aliyense angalitenge. Anati anamva pa fulontera ya Kalomwe, pamalire ndi Malawi, kuti a Cassimiro, mwana wa a Armindo ndi malemu, amene anatsala ku Dedza pamene banja linkabwerera kuno mu 1993, akufuna kulitenga kuti azigulitsirapo mbewu yawo. Anapempha kuti asosiyasau ililembetse msanga, pamodzi ndi la .com, popeza theka la ogula athu ndi a tsidya lomwelo ndipo sangasiyanitse.

A Rufina anafunsa ngati dzina la munthu wogona kumanda limagulidwa ngati thumba la feteleza. A Lucrécia anafotokoza kawiri. A Rufina anati amva, koma nkhope sinasonyeze choncho.

A Silvestro anakana. Anati mu 2016 komiti inapempha dzina la malemu kwa a Armindo, amene ndi mkamwini chabe, osati kwa iwo eni mbumba, ndipo iwo a Silvestro anangokhala chete polemekeza maliro. Anapempha kuti mawu awo alembedwe momwe ali: "Cassimiro ndi mphwanga, ine ndine tsibweni wake. Dzina la amake ndi lake kuposa aliyense wa inu. Mukufuna mwana azigogoda pakhomo pa amake?"

Wapampando anavomereza kuti komiti inalakwa mu 2016 ndipo anapepesa. A Silvestro analandira chipepeso, koma maganizo awo sanasinthe. Panali kulankhulana kwina pakati pa iwo ndi a Lucrécia kumene mlembi sanaone chifukwa chokulembera.

Wapampando anafunsa a Armindo, amene anali asanalankhulepo. Anayankha ataimirira. Anati mkazi wawo anabwera kuchokera kothawa nkhondo ndi chitenje chimodzi cha mbewu, ndipo kwa zaka makumi awiri ankazula ndi kutentha phando lililonse lofota, ngakhale chaka cha njala. Anati mwezi wa Marso anakacheza kwa mwana wawo ndipo anayenda m'munda mwake. Kenako anatembenukira kwa a Silvestro.

"Ndinaona ndi maso angawa, alamu. Mizere yathunthu yofota, iye n'kumakumba momwemo kuti ndi mbewu. Ndinamuuza, anandiseka. Nthenda imeneyo ikalowa m'munda wa munthu, zaka zimapita osadzalamo. Akadzalira anthu adzatchula Zeferina."



Chigamulo: maina onse awiri alembetsedwe m'sabata ino. Ovomereza anayi: a Rafael, a Lucrécia, mlembi ndi a Armindo. Wokana mmodzi: a Silvestro. A Rufina sanakweze dzanja. Mlembi akuvomereza kuti lake analikweza ndi mtima wolemera.

A Silvestro anapempha, ndipo onse anagwirizana, kuti tsiku limene tekiniku wa zaulimi adzapeze munda wa a Cassimiro uli bwino, komiti idzakhalenso pansi kukambirana za dzina la .mw.

3. Zina ndi zina

A Rufina anadandaula za denga lodontha pakona ya kum'mawa. Lidzakonzedwa mvula isanayambe.

Wapampando anati mlembi alembere kalata a Cassimiro. A Armindo anapempha kuti kalata isalembedwe. Anati Lolemba adzasiya makiyi kwa a Rufina n'kuoloka okha kupita ku Dedza, chifukwa mwana wawo adzafunsa amene anakweza manja, ndipo safuna akamve kwa wina.

Pempholo linaloledwa.

4. Kutseka

Msonkhano wotsatira: Loweruka, 6 Julyu 2024, malo omwewa. Wapampando anatseka nthawi ya 11:40. Pemphero anapereka a Silvestro, ndipo anatchulamo mlamu wawo.

Rafael Sitima, Wapampando
Celina Mateyu, Mlembi